Anangopempha kutchaja foni

Panali mayi wina pa Uliwa dzina lake Keziya, amene ankalandira odwala pa chipatala china cholipira. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mnzanga wa kusikelo ya ana.

Eni chipatalacho, a Gregory, anabweretsa makina anzeru aja akuti AI, oti azithandiza adokotala kulemba za odwala ndi kukumbutsa masiku a mankhwala. Koma iwo sanafune kuti matenda a anthu aziyenda pa intaneti kupita kwa anthu osawadziwa. Anagula kompyuta yaikulu yawoyawo nkuitsekera m'kachipinda kakumbuyo kokhala ndi sola, AI nkumagwirira ntchito momwemo. Kiyi anapatsa Keziya.

"Amayi, makinawa ndi mtsuko wovundikira," anatero a Gregory. "Cholowa umu sichituluka, pokhapokha wina avundukule. Musalowetse munthu. Musabayepo kanthu, kaya flashi kaya foni, ngakhale yanu imene."

Keziya anali ndi mng'ono wake Lettie, wokwatiwa ku Iponga. Lettie ankamwa ma ARV. Mwamuna wake ankadziwa, koma apongozi ndi azilamu ayi, ndiye ankaopa kukaima pa mzere kwawoko.

"Uzibwera kwathu kuno," anamuuza Keziya. "Zathu sizituluka m'chipinda."

"Mukunenetsa, asisi?"

"Kiyi ndimasunga ndine. Ukuopanso ndani?"

Lettie anayamba kumakwera minibasi ulendo wonsewo kudzalandira mankhwala pa Uliwa, ndipo thupi linabwerera.

Tsiku lina m'nyengo yotentha magetsi anachoka chim'mawa. Kunafika bambo wina waulemu, amene anabwerapo kale kangapo kudzagula panado.

"Monire mama. Mayi anga agonekedwa kuchipatala cha ku boma, ndikudikira uthenga, koma foni yandithera moto. Paja muli ndi sola?"

"Bweretsani ndikutchajireni pakhomapa."

Bamboyo anapisa m'thumba nkutulutsa chingwe chokha. "Mutu wa tchaja ndaiwala chifukwa cha changu. Koma pa kompyuta chimalowa bwinobwino."

Keziya analibe mutu wina, wake anausiya kunyumba. Anakumbuka mawu a abwana. Koma munthu wa matenda ungamukanize moto wa foni, anthu akamva adzati ndiwe wotani? Anaona ndithu kuti nsapato za bamboyo zinalibe fumbi pomwe amati wayenda wapansi kuchokera kumudzi, koma anangoti mwina ndi waukhondo.

"Inu khalani pompano, muja simulowa munthu," anatero. Anatenga foni ija yekha nkukaibaya pa makina aja. Mumtima anati lamulo wasunga, poti mlendo sanalowe.

Dzuwa litapendeka bamboyo anatenga foni yake. "Yewo chomene mama, Mulungu akudalitseni." Sanaonekenso.

Mwezi usanathe odwala anayamba kulandira mauthenga owaopseza, kuti akapanda kulipira matenda awo awadziwa aliyense. Posakhalitsa mayina anayamba kuyenda m'magulu a WhatsApp, la mpingo, la amalonda a pa boda ya Songwe, mpaka la maliro. Katswiri amene a Gregory anamuitana kuchokera ku Mzuzu anapeza kuti foni ija inali ndi pulogalamu yakuba, ndipo inakopera zonse.

A Gregory sanakalipe. Anangotambasula dzanja. "Amayi, kiyi."

Ntchito inatha, koma Keziya sizinamupweteke zimenezo. Anakwera minibasi kupita ku Iponga. Anapeza Lettie akumanga zovala m'chitenje, apongozi atakhala pakhonde osayankha ndi moni yemwe. Dzina la Lettie linali litafika pa gulu la banja, ndipo mlamu wake anawerenga mokweza pamaso pa onse. Mwamuna wake amene ankadziwa zonse uja anangowerama, osamuikira kumbuyo.

"Lettie, ndikhululukire. Anati mayi ake akudwala."

"Nanga ine sindimadwala, asisi?"



"Ndinakufunsani ngati mukunenetsa," anatero Lettie, akumanga mfundo. "Munati kiyi mumasunga ndinu."

Lettie anabereka mwana wake nkuwoloka mtsinje wa Songwe kupita kwa azakhali awo ku Tanzania. Botolo la mankhwala analisiya pawindo, lili ndi mapilitsi. Keziya analitenga, ndipo ali nalo mpaka lero. Palibe akudziwa ngati Lettie akulandira ena kumeneko.

Pano Keziya amagulitsa mpunga pamsewu pa Uliwa. Foni yake siitha moto, amaitchaja ngakhale ili yodzaza, kuopa kuti Lettie angaimbe nkuipeza yozima. Sanaimbebe.

Phunziro: Ngakhale kampani isunge AI yake m'nyumba mwake, khoma lenileni ndi munthu wosunga kiyi. Akakuuzani kuti pa makina a ntchito musabayepo kanthu, musabayepo, ngakhale wopemphayo alire. Chifundo chanu chisalipiridwe ndi anthu amene anakudalirani. Tumizirani onse amene amasunga makiyi kuntchito, asanafikiridwe ndi wa chingwe chopanda mutu.