Nthambi ya Mkungudza

Delbert anangotsala ndi lamba wa m'khosi mwa galu m'manja. Galu wake anali atalowa pansi pa madzi oundana.

Mnzake Orrin anaima chilili, maso ali pa dzenje limene anacheka yekha pa madzi oundana a panyanjapo kuti aziwedzerapo. Dzulo anakoka kanyumba kake kowedzeramo n'kumapita, osazika nthambi yochenjeza anzake monga amachitira aliyense panyanjapo. Zala zinali zitachita dzanzi, mitengo ili kutali. Pamwamba pa dzenjelo panaundana pang'ono chabe, chipale chofewa n'kukwirira.

"Aise, ndimati ndibwereranso," anatero Orrin.

"Zaka makumi atatu tikuwedza limodzi," anatero Delbert osamuyang'ana. "Iwe wemwe unanditukwana chifukwa choboola dzenje pafupi ndi lako. Unati ndilibe mwambo. Waiwala?"

Orrin sanaiwale. Tsiku limenelo anthu anaseka, iye n'kumva kukoma.

Delbert anayenda pang'onopang'ono mpaka kumtunda, n'kubwerako akukwekweza nthambi ya mkungudza. Sanaizike. Anaiika m'manja mwa Orrin.

"Zika wekha," anatero. "Adzukulu anga amayenera kubwera naye galuyu m'mawa uno. Anangochedwa kudzuka."