Tsiku Limene Mleme Anachotsedwa

"Ndiwe wakuba, Mleme, ndipo ukudziwa."

Tsabola analemba mawuwo n'kudina. Kanali kachisanu kuwatumiza m'masabata awiri. Mleme, kaya anali munthu wa dziko liti, sanayankhepo n'kamodzi komwe.

"Mlamu, wayambanso kukangana ndi anthu opanda nkhope?" anatero alamu ake ali pakauntala, akupukuta foni ya kasitomala. "Mafoni atatu akukudikira apa."

"Adikire, alamu. Lero likhala lomaliza."

Shopu yokonzera mafoniyi inali ya achimwene ake. Atamwalira chaka chatha anasiya mkazi, alamu akewo, tebulo lodzaza timawaya, ndi laputopu yothothoka mabatani awiri. Chiikireni maliro, Tsabola sanalirepo. Ankadya, ankagona, ankasintha magalasi a mafoni. Kasitomala akasowa ankatsegula laputopuyo n'kumadziphunzitsa kulemba khodi, malangizo oyendetsera mapulogalamu a pakompyuta, popanda mphunzitsi, popanda pepala la sukulu.

M'laputopumo anapezamo gemu ya zombo za m'mlengalenga, yoseweredwa ndi anthu ambirimbiri pa intaneti. Inalibe mwini. Aliyense wodziwa khodi ankatha kuikonza ndi kutumiza zosintha zake kuti oyang'anira, anthu ongodzipereka, aziunike. Gemuyi inali ndi nthenda imodzi. Netiweki ikaduka, chombo chako chinkangoima njo pakati pa nkhondo, adani n'kuchiphwanya. Kwa okhala kumene magetsi sathima, limenelo silinali vuto. Tsabola anataya zombo zisanu ndi zinayi.

Anagwira ntchito yothetsa vutoli miyezi isanu ndi umodzi. Khodi yake inkachititsa kuti chombo chotayana ndi mwini wake chitembenuke chokha, chizime nyali, chithawire ku siteshoni yapafupi. Anaitumiza Lachiwiri masana, akuyembekeza kudikira pamzere ngati wina aliyense watsopano.

Sipanathe mphindi ziwiri. Khodi ija inali italowa kale mu gemu, mzere uliwonse monga anaulembera, ngakhale pamene analakwitsa sipelo. Pamwamba pake panalembedwa kuti wolemba ndi Mleme.

Mlemeyu sanali munthu wamba kumeneko. Anali m'gulu la oyang'anira kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mmodzi mwa ochepa ololedwa kulowetsa khodi popanda woiunika. Siteshoni yaikulu ya mu gemumo inatchedwa dzina lake. Kwa miyezi yambiri anali zii, ndiye taonani, wadzuka tsiku lomwe kwapezeka chakuba. Osewera anasefukira ndi mauthenga. Takulandirani bwana Mleme. Mwatipulumutsa bwana Mleme.

Zimatero. Wamkulu akaba amamuombera m'manja, wamng'ono akadandaula amuuza kuti aphunzire ulemu. Koma Tsabola sanapatsidwe dzinalo chifukwa chofatsa. Komanso Lolemba ankayenera kukaonekera ku kampani ina yofuna wolemba khodi, ndipo anamuuziratu kuti wopanda satifiketi abwere ndi ntchito yokhala ndi dzina lake. Ntchito anali nayo imodzi yokhayo.

Anajambula kope limene ankayamba walembamo khodi yake, tsamba ndi tsamba, madeti akuoneka, n'kutumiza kwa oyang'anira. Lamulo la gululo linali lachidule: woimbidwa mlandu wakuba khodi akapanda kuyankha masiku khumi ndi anayi, amachotsedwa. Lero linali tsiku la khumi ndi chinayi.

Uthenga unafika alamu ake akutsutsana ndi bambo wina yemwe ankalumbira kuti foni yake sinagwere m'madzi, pamene m'kati mwake munali mpunga umene anaiumitsira. Unachokera kwa mkulu wa oyang'anira.

"Tamulembera maulendo anayi, sanayankhe. Zikutipweteka, chifukwa theka la gemuyi anamanga ndi iyeyo, koma lamulo ndi la tonse. Khodi ija tsopano ili m'dzina lanu. Mleme tamuchotsa pamndandanda wa olemba, kiyi wake wolowetsera khodi taletsa, ndipo siteshoni ija tiipatsa dzina lina."

Tsabola anatsegula mndandandawo. Dzina lake linalipo, pansi penipeni. Pamwamba, pamene pankakhala Mleme, mayina anali atasendererana ngati sipanakhalepo munthu.

Anadikira kuti amve kanthu. Ankaganiza kuti adzakuwa, mwina kudumpha. Anangomva fani ya laputopu ikulira.

"Wawina?" anafunsa alamu ake kasitomala atatuluka.

"Ndawina."

"Nanga nkhopeyo? Anthu akawina amaonetsako mano."

"Mawa, alamu."

"Chabwino, bwana wa m'mlengalenga. Tsika tsopano, padziko pano pali mafoni atatu."

"Mphindi imodzi."

Panatsala kanthu kakang'ono. Sipelo ija inkamusowetsa mtendere, ndipo sankafuna kuti a kampani akaione Lolemba. Anakonza chilembo chimodzicho n'kutumiza, mmene anatumizira Lachiwiri lija, pa laputopu yomweyo, ndi mabatani omwewo.

Sikirini inabweza mizere iwiri yofiira. "Mwakanizidwa. Kiyi wa kompyuta iyi ndi wa Mleme, ndipo waletsedwa."

Anawerenga kachiwiri. Laputopuyi, iye asanaigwire, inali ndi mwini mmodzi yekha.

"Alamu," anatero osatembenuka. "Achimwene ankati akulemba chiyani pamakina awa? Siyani foniyo, alamu. Ndiyankheni."