Kachitsulo ka M'msana

"Tikakuikani kachitsuloka, mitsempha yopanikizika m'munsi mwa msana ipeza mpata ndipo dzanzi la m'miyendo lichepa," anatero dokotala. "Koma miyezi itatu osanyamula cholemera, bambo."

Kalipentala wokalambayo anaganiza za kunyumba. Chipuwalireni akazi ake zaka zisanu zapitazo, ankawanyamula yekha kuchoka pabedi kupita pampando, ndipo ana akati awatenge mayiwo, ankakana kwamtuwagalu.

Atafika kunyumba ananamiza akazi akewo. "Akuti ndi ukalamba basi, palibe chochita."

Anawerama kuti awadzutse. Atangowanyamula, miyendo inafooka ngati si yake, onse awiri khuu pansi! Mayiwo anagunda chigongono pa mwendo wa bedi, koma sanalire.

"Aka ndi kachitatu mwezi uno," anatero motsitsa mawu. "Pepala lagwa m'thumba mwanuli si la opaleshoni?"

"Nanga ndikakagona kuchipatala, inu akunyamulani ndani?"

"Kasaineni, bambo. Si inu nokha mumabisa zinthu m'nyumba muno. Masiku ano ndikamva mapazi anu mukubwera kudzandinyamula, ndimatseka maso, kunamizira kugona kuti msana wanuwo upumeko."