Nyundo pa Chiliza cha a Mulkerrin

Misa yodalitsa manda inali mawa lake, choncho parishi yonse ya Kilcarna inali kumanda kuyambira m'mawa. Amuna ankatchetcha udzu ndi kumanganso mpanda wamiyala umene nkhosa zinagumula. Amayi ankakwecha ziliza ndi maburashi, ena akuyala tiyi ndi masikono patebulo pafupi ndi chipata. Kamvula kankawaza, koma panalibe wokalabadira.

Malachy Mulkerrin ankakankha wilibala ya zinyalala pamene anamva chitsulo chikugogoda kuseri kwa tchalitchi chakale chopanda denga, kumene kunali manda a kwawo. Anaima kaye. Kugogodako kunamvekanso, kenako mwala unalira ngati ukusweka.

Anasiya wilibala nkuthamanga.

Munthu wina wa ndevu zaimvi, wovala jekete lalitali ndi chipewa chofika m'maso, anali atagwada pamanda a makolo a Malachy, dzanja lina tchizulo, lina nyundo. Mayina a bambo ndi mayi sanawakhudze. Ankagoba mzere wachitatu, pamene panalembedwa dzina la Colman, mkulu wake wa Malachy, amene anamira panyanja zaka makumi atatu zapitazo, mtembo wake osapezeka. Zilembo zitatu zinali zitachoka kale.

Malachy sanachite kufunsa kuti ameneyu ndani. Sabata yonse anthu anakhala akunong'onezana kusitolo ndi pakhomo la tchalitchi kuti Festy Cloherty wabwerako ku England. Festy ndiye anali mwini bwato tsiku lija. Anapita awiri ndi Colman kukavuula misampha ya nkhanu, iye nkubwerako yekha, zovala zili zouma. Pamaliro opanda mtembowo Malachy anamuthyola chibwano anthu akuona, ndipo Festy anachoka m'mudzimo osatsanzika. Malachy ndiye analera mwana wamkazi wa Colman. Patatha zaka zinayi anamanga ukwati ndi Nuala, mkazi wamasiye wa mkulu wakeyo.

"Galu iwe! Kumupha kuja sikunakukwane?"

Munthuyo asanacheuke, Malachy anali atatola fosholo imene wina anaisiya pamanda oyandikana. Anamusasantha nayo pamsana. Munthuyo anagwa chafufumimba, mphumi nkuwomba pangodya ya chiliza. Magazi anathovoka nkuyenderera m'ndevu mpaka pamiyala yoyera imene Nuala anaitsuka dzulo lake.

Malachy anataya fosholo nayamba kumuponda. Jombo yoyamba inalowa m'nthiti, yachiwiri m'mimba. Dzanja limene linagwira tchizulo analiponda ndi chidendene mpaka zala zinalira ngati tinkhuni touma. Munthuyo sanabweze ngakhale kamodzi, sanakuwenso. Anangodzipinda, mikono ataphimba nayo kumaso.

Anthu anafika akuthamanga, ena makapu a tiyi akadali m'manja. Tadhg Folan, msilikali wakale amene ankaimba belu la tchalitchi, anamugwira Malachy m'chiuno. Chigongono cha Malachy chinamupeza Tadhg pamphuno, nagwera pa nkhata za maluwa, magazi ali chuchuchu. Zitatero, amuna enawo anabwerera m'mbuyo.

"Ndi Festy ameneyo," anatero mayi wina motsitsa mawu. "Waziputa dala."

Ambiri anagwirizana naye mumtima. Anali atakhala zaka zonsezi akupempherera mzimu wa Colman mwezi wa Novembala uliwonse, ndipo panalibe amene anakhulupirirapo nkhani ya Festy yoti funde linangomukokolola mnzakeyo.

"Malachy!" Awa anali Bambo Hession, wansembe wa parishiyo, akukuwa ali chapatali pakati pa mitanda. "Wapenga kodi? Pamalo odalitsidwa pano?"

"Ndidzalapa mawa, Abambo. Lero mundisiye."

Anawerama nkutola nyundo ija. Anagwada pachifuwa cha munthuyo, namugwira pakhosi ndi dzanja lamanzere.

"Unamusiya m'madzi," anatero akupumira m'mwamba. "Mayi anamwalira akuyang'anabe kunyanja. Mwana anakula akundifunsa nkhope ya bambo ake. Chatsala ndi dzina lokhali, ndiye ukufuna ulitengenso?"

Anakweza nyundo. Nuala anadzaponya thupi lake lonse pamkono wa mwamuna wake, nkulendewera pomwepo.

"Malachy, chonde! Ukamupha ndikhala wamasiye kawiri. Adzakutsekera kundende mpaka udzafere komweko!"

Analimbana naye mpaka mpango wa Nuala unagwera m'matope, koma mayiyo sanataye mkonowo. Apa n'kuti Bambo Hession akufika. Anachedwa chifukwa sanali okha. Ankayenda atagwiriziza nkhalamba yowonda, ya ndodo ziwiri, yopanda ndevu, chibwano chake chokhotera kumanzere. Anthu anapatuka mwakachetechete, wina nkudzilemba chizindikiro cha mtanda.

Malachy anayang'ana nkhalambayo. Chibwano chimenecho ankachidziwa bwino, popeza anachikhotetsa yekha.

"Ndinamuuza kuti adikire ndiyambe ndalankhula nawe," anatero Festy Cloherty. "Sanamvepo za munthu chibadwire."

Nyundo inapulumuka m'dzanja la Malachy. Munthu anali pansiyo anachotsa mikono kumaso pang'onopang'ono, chipewa chitagwa, nalavula dzino limodzi pamodzi ndi magazi. Nuala atamuona anakuwa kamodzi kokha, nkudzitseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Sindinamire ine, mng'ono wanga, ndinachita kuthawa," anatero Colman Mulkerrin. "Tandichoka pachifuwapa, ndimalize kufufuta dzina langa."