Kapu ya Kumanzere

Norihisa anameza, natsinzina ngati katswiri. Makapu atatu oyera anali patsogolo pake, ndipo bambo Kuramochi, ofulula mowa wa mpunga wotchedwa sake, anali atanena kale kuti wosadziwa mowa wa pakhomo pano asalote zokwatira mwana wawo Fumie.

Wa m'kapu ya kumanja unali wofunda, wa fungo la mpunga, wokanda pakhosi. Wa pakati unkanunkhira ngati vwende. Koma mnyamatayo analibe nazo ntchito, poti Fumie anali atamunong'oneza pakhomo kuti, "Wakumanzere."

"Wanu ndi uwu, bambo," anatero akuloza kumanzere kwake. "Wosalala, wopepuka, sumveka n'komwe ukamatsika. Enawa ndi otsukira mbale."

Kenako azakhali a Fumie anaphulika nako kuseka, dzanja lili pakamwa kuti mano oikirira asathawe.

"Mkamwini iwe, amenewo ndi madzi otsukuluzira mkamwa! Usamwenso, ungaledzere tikusenze!"

Norihisa anayang'ana Fumie. Mtsikanayo anali atagwada moyang'anizana naye, nkhope ili pansi, chala chikuloza kumanzere kwake kwa iye mwini, komwe kunali kumanja kwa Norihisa. Makutu a Norihisa anatentha ngati makala. Analakalaka mphasa itatseguka immeze.

Bambo Kuramochi sanaseke.

"Sunaname kwenikweni," anatero. "Madziwo ndi a m'chitsime chathu."

Anamukankhira kapu yofunda ija pang'onopang'ono.

"Tsopano maliza otsukira mbalewa. Uziwazolowera, ndi amene uzimwa mpaka imvi."

Norihisa analandira ndi manja awiri, osadzutsa mutu.