Chitsamba cha Kuseri kwa Bafa

Laws anali atanjuta kuseri kwa bafa, akuthirira chitsamba chake ndi kapu yomwera tiyi. Mkazi wake, Zipora, ankamuyang'ana pazenera, mbale ili m'manja, thovu la sopo likuumira m'zala.

Mwamuna ameneyu sankadziwa ngakhale pokhala tsache. Koma chitsambachi anachitchingira ndi njerwa kuopa nkhuku, ndipo m'mawa uliwonse, asanakakwere minibasi ya ku Kanengo, ankayamba wachimwetsa. Nthawi zina milomo yake inkagwedera ngati akuchinong'oneza.

Zipora anali asananong'onezedwe chotero chichokereni mu Febuluwale, mwezi umene anatuluka m'chipatala chimanjamanja, matewera ali chipindire m'chikwama. Mwana wobadwa atafa kale saliridwa, anatero akuluakulu. Anakamuika amayi a Mvano okhaokha, monga mwa mwambo, iye ali chigonere. Ndiye sanalire. Laws nayenso sanalire. Anangoti duu, ndipo bata limenelo linakhazikika m'nyumba ngati mlendo wosatsanzika.

Chitsambacho chinabwera mu Epulo, chili kamphukira kokulungidwa m'nyuzipepala.

"Kameneka n'kachiyani?" anafunsa Zipora tsiku limenelo.

"Duwa basi."

"Mwalitenga kuti?"

"Penapake."

Tsopano unali Okotobala, ndipo chinali chitachita maluwa odabwitsa. Duwa limodzi lomwelo linkamasula lili la pepo wakuda, mawa lake n'kutuwa, mkuja n'kuyera ngati thonje. Dzuwa likapendeka, fungo lake linkalowa mpaka kuchipinda, lotsekemera ngati mafuta a mkazi wina pakolala ya malaya. Zipora anafunsa pampope, anafunsa kuchigayo. Palibe ankalidziwa. Mayi wina anangomukanda pamkono n'kunena kuti, "Mitengo yopanda dzina, asisi, ndi imene imatha mabanja."

Tsikuli linali Lachinayi, ndipo Laws atangopita, panadutsa Idi, wogulitsa mbande za maluwa panjinga. Zipora anamukodola.

"Achimwene, inu mumayenda. Tandiuzani, ichi n'chiyani?"

Idi anatsamiritsa njinga, ananunkhiza, n'kuliza kakhweru.

"Ichi n'cha mabwana, mayi. Ku Area 10 amachitcha Dzulo, Lero ndi Mawa, chifukwa cha kusinthasinthaku. Muno m'Kawale ndachiona pakhomo limodzi lokha, kwa mayi Magret, a geti ya buluu aja. Komatu ndi oumira nacho! Ine ndinapempha kanthambi kokha, anandimana. Abambo akunowa ali ndi mwayi."

Mwayi! Mawuwo anamulowa Zipora ngati munga wa m'chidendene.

Magret anali mayi wamasiye wa ana atatu, onse onenepa, onse aphokoso. Anali wosalala, wa kampata pamano, ndipo ankakazinga mandasi pageti pakepo. Zonse zinayamba kulumikizana. Laws, amene ankati mafuta amamuchititsa chilungulira, masiku ano ankabwera ndi mandasi m'thumba. Ndipo mu Epulo muja Zipora anamuona ndi maso ake ataima pageti ya buluu, chipewa chili m'manja, mutu uli pansi, Magret atamugwira paphewa. Atazindikira kuti akuonedwa, Laws anapukuta nkhope msangamsanga n'kunena kuti ndi utsi wa mbaula.

Kodi n'kumuimba mlandu? Uko kunali mkazi wobereka amoyo. Kuno kunali matewera m'chikwama.

Koma kudzadzala chikondi chawocho pakhomo pake, n'kumachithirira ndi kapu ya pa ukwati wawo, chimenecho ndiye ayi.

Zipora anatenga khasu. Anagumula njerwa zija ndi phazi. Kutema kawiri kokha, chitsamba chinapendama. Anachigwira pakhosi n'kuchizula, maluwa a mitundu itatu n'kumwazika pafumbi. Mtima sunazizire. Anakhala pakhonde, chitsamba chili pamiyendo, kudikira, pakuti njira ya kutchalitchi inkadutsa pakhomo pake pomwepo.

Cha m'ma leveni Magret anatulukira, ali mu bulauzi yoyera ya Mvano, buku la nyimbo lili m'khwapa.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

Zipora anaponya chitsambacho pamapazi pake.

"Tengani katundu wanu, mayi. Mwamunayo mudzamutenge madzulo, ndikhala nditamuchapira."

Magret sanakalipe. Anayang'ana mizu ija ili pamtetete, dothi likuyoyoka, ndipo nkhope yake inagwa. Anaika buku pansi. Anatola chitsambacho ndi manja awiri, n'kufunditsa mizuyo ndi nsonga ya chitenje chake, osasamala za bulauzi yoyera.

"Zipora, sanakuuzeni?"

"Andiuze chiyani? Kuti mumamupatsa zimene mumamana ena?"

"Anati adikira chichite maluwa, mwina mtima wanu udzakhala utalimbako," anatero Magret. "Patsinde la chitsamba changa panali mphukira ziwiri zokha. Imodzi ndinakadzala pamene tinagoneka mwana wanu, kuti malowo asadzasowe. Bambo wa mwana saloledwa kufikako, ndiye anabwera pageti panga akulira, kudzapempha inzakeyo. Akuti akamathirira ichi, amakhala akumumwetsa mwana wake."