Mpata wa Madontho Awiri

Kutangoda, ndinabwerera kusukulu yathu ya makompyuta m'dera la Ameerpet, mwana ali m'manja, kukatenga ambulera. Kompyuta imodzi inali chiyakire, ikuonetsa pulogalamu yanga yoyeza kupendekeka kwa mzere poyandikizitsa madontho awiri. Ndinaikopera kwa mnzanga Sravani, koma aphunzitsi anathamangitsa iyeyo, ine ndili duu. Atamwalira, ngakhale kumaliro ake sindinapiteko.

"Achemwali, madonthowo atalikirana. Chepetsani mpatawo," anatero mawu a Sravani kumbuyo kwanga.

Ndinachepetsa. Mpando wina kumbuyo kwanga unakhwekhwerezeka, n'kuyandikira.

"Chepetsaninso. Si paja munalemba nokha?"

Manyazi anandiletsa kucheuka. Koma mwana wanga, amene amalira akaona mlendo aliyense, anasuzumira paphewa langa, n'kutambasula manja kuti anyamulidwe.